Tsiku limene a Nagama adathira mkaka wa malume awo m'dzenje

Sikisi koloko inali isanakwane, koma a Nagama adali atayesa kale zigubu zinayi. Linali Lachinayi m'mwezi wa Juni, kuzizira kochita kuluma zala. Ife ogulitsa mkaka pa Manjawira tidali pamzere kuseri kwa tiyirumu ya a Fabiano, aliyense chigubu chake pamapazi. Ine ndidali wachisanu ndi chimodzi, mwana wanga Dalitso ali kumsana.

Dzina lawo ndi Dailes, koma aliyense amangoti a Nagama, potengera mfunda wawo. Ndi alangizi a zaumoyo a dera lathu, aja ovala yunifolomu yabuluu. Ndi iwo amatiyezera ana kusikelo, amagawa kulorini mvula ikayamba, ndipo amasuzumira m'zimbudzi za eni ake popanda manyazi. Za mkakazi amachita m'mawa, asanapite ku ntchito zinazo. Amatenga pang'ono n'kusefa pa kansalu kakuda kuti aone ngati muli timabuluma kapena ubweya. Kenako amawiritsa supuni imodzi pa mbaula ya a Fabiano. Mkaka wogona umaduka pomwepo. Pomaliza amathira wina m'botolo lalitali n'kuponyamo kagalasi koyandama kamene adapempha ku gulu la alimi a mkaka. Kakamira kwambiri, ndiye kuti muli madzi.

Patsogolo panga padali a Kizito, bambo wanthabwala wa ng'ombe zitatu. Kagalasi kadamira mpaka m'khosi.

"A Kizito, ng'ombe zanu zayamba kutulutsa madzi a pamjigo?"

"Ndi mame, adokotala. Ndimakama m'mawa kwambiri."

"Mame okwana malita awiri? Kwanuko ndiye muzidzala mpunga. Uwu bwererani nawo, mawa mubwere ndi wa ng'ombe."

Anthu adaseka, a Kizito nawonso adaseka, n'kukankhira chigubu chawo pambali. Sadachoke. Adakhala pabenchi kuti aone ngati wina agwidwe.

Nthawi yomweyo padatulukira mayi Janeti, amene amapanga chambiko chogulitsa m'mabotolo. Adatula ndowa pakati pathu n'kuvundukula.

"Taonani nokha! Mkaka wa Lachiwiri uwu. Mbewu ya chambiko ndidathira monga mwa masiku onse, ndowa ndidafunditsa bulangete, koma wakana kugwira. Zaka khumi ndi ziwiri ndikupanga chambiko, izi sindinazionepo." Adandiloza ndi chivundikiro. "Ndidagula kwa mtsikana uyu. Iwe Tawina, nena zoona, sudaugwire uli kumwezi? Makolo ankaletsa dala akazi kuyandikira khola."

Azibambo adayang'ana kumbali.

"A Janeti, za m'thupi mwa mnzanu sizifunsidwa pamzere," adatero a Nagama. "Mlamu, tabweretsani chigubu."

Amanditchula mlamu chifukwa mwamuna wanga Austin ndi msuweni wawo. Ng'ombe imene ndimagulitsa mkaka wake ndi ya apongozi anga, a Julius Ngozo, amene ndi malume awo enieni a a Nagama.

Adasefa, kansalu kadali koyera bwino. Supuni sidaduke. Kagalasi kadayandama pamalo pake. Koma ulendo uno sadatseke chigubu msanga monga adachitira Lachiwiri ndi Lachitatu. Adanunkhiza, n'kugwira m'mbali mwake ndi chikhato.

"Uwu ndi wowiritsa. Masiku onse mumabweretsa wauwisi. Chachitika n'chiyani?"

Ndidafotokoza monga momwe zidalili, chifukwa sindinkadziwa kuti pali cholakwa. Ng'ombe yathu, imene apongozi adaitcha Kimbale pokumbukira migodi ya ku Joni kumene adagwirako ntchito, idatupa bere limodzi Lamulungu. Lolemba kudabwera alangizi a ziweto, n'kuibaya jakisoni, Lachiwiri wina, Lachitatu womaliza. Adati mkaka usamwedwe kufikira patatha masiku anayi chibayireni womalizayo. Atachoka, apongozi adati bere lodwalalo tizikamira pansi, koma mawere atatu abwinowo mkaka wake tiziwiritsa kwambiri, kuwira katatu, kenako ndizipita nawo kumsika. Adati: "Dailes amanena chaka ndi chaka kuti moto umapha zonse za mumkaka. Mlangizi wa ziwetoyu amadziwa ng'ombe, koma za anthu amadziwa Dailes." Ine ndidavomereza ndi mtima wonse, popeza mawu amenewo ndidawamva ndekha kusikelo kosawerengeka: wiritsani, wiritsani, wiritsani. Tinkaona ngati tikumvera.

A Nagama adaika botolo pansi. Kenako adalankhula motsitsa, koma onse adamva.

"Moto umapha chamoyo. Mankhwala si chamoyo. Jakisoni uja amayenda m'magazi a ng'ombe n'kutulukira m'mawere onse anayi, ndipo mungawiritse mpaka poto kupserera, iye ali momwemo. Ndi amene wapha mbewu ya a Janeti. Mwana akamamwa pang'onopang'ono chonchi, tsiku lodzadwala chibayo mankhwala akuchipatala akhoza osadzamugwira. Ena amatuluka ziwengo."

Ndidakumbukira kuti Dalitso ndidamuthirira mkaka womwewo m'phala masiku awiri.

A Fabiano adatuluka atanyamula ketulo. Iwo ndi amene amatenga theka la mkaka wathu, ndipo anthu a minibasi adali atayamba kale kukhala pamabenchi.

"Adokotala, zida zanu zonse zitatu zati uli bwino. Tiyi safuna mbewu. Ndipatseni ndithire, anthu akudikira. Komanso mkakawu si wa akuluakulu aja adakulerani?"

A Kizito adatsokomola pabenchi paja. "Nanenso ndikumvetsera," adatero. "Mwina mame a kwa malume ndi osiyana ndi athu."

Aliyense pamzerepo ankadziwa kuti a Nagama alibe bambo wina koma a Ngozo, ndipo ankadziwanso mtima wa a Ngozo. Akadangotseka chigubu n'kundiuza kumbali kuti mawa ndisabwere, palibe akadawatengera kulikonse. A Nagama adatseka chigubucho, n'kuchinyamula okha kukachimanga pakaliyala ya njinga yawo.

"Mkaka wa kwa a Ngozo sugulitsidwa pano mpaka Lolemba. A Fabiano, wotsala wa dzulo mutaye ndikuona. A Janeti, ndowa iyo musapatse ngakhale mwana wa mnansi. A komiti ya msika ndiwauza ndekha." Adamaliza kuyesa zigubu zitatu zotsala. Atatha adati, "Mlamu, tiyeni kunyumba. Asamve kwa anthu a kabaza."

Kuchokera pamsika kufika kwathu ndi ulendo wa mphindi makumi anayi. Sadakwere njinga, ankangoikankha. Adayamba andifunsa za Dalitso, ngati watsegula m'mimba kapena watuluka zidzolo. Adamuyang'ana m'khosi ndi pamimba tili chiimire m'njira, n'kunena kuti ndisade nkhawa, masiku awiri si ambiri, koma ndisamupatsenso.

Mbiri yawo ndimaidziwa chifukwa pakhomo pathu imanenedwa kawirikawiri, ndipo woinena kwambiri ndi apongozi omwewo. Mayi awo a a Nagama adamwalira iwo ali sitandade faifi. Bambo awo adali atapita kale ku Balaka ndi mkazi wina. A Ngozo, amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, adapita kumaliro a mlongo wawo pa njinga, pobwera adabwera ndi kamtsikana pakaliyala ndi kathumba ka zovala. Adali ndi ana awo asanu, koma wofika folomu folo adali Dailes yekha. Pamene anthu ankati mwana wamkazi akwatiwe, iwo ankayankha mawu awo a kumgodi aja, "Ayikhona!" Chaka china adagulitsa ng'ombe yaikazi ya bere kuti mtsikanayo asachoke pasukulu.

A Nagama ankafuna unamwino koma sadasankhidwe. Adakhala zaka zitatu akuthandiza kusikelo mongodzipereka, kunyamula sikelo ndi kulemba makadi, mpaka mwayi wa ntchito ya zaumoyo udapezeka. Tsiku loyamba kuvala yunifolomu, apongozi adayenda nawo mudzi wonse khomo ndi khomo ngati akuonetsa mkwatibwi. Pano a Nagama ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, ana awiri, mwamuna wawo ndi kalipentala. Za kuyesa mkaka adaziyamba okha, chaka chimene ana atatu a banja limodzi adagonekedwa kuchipatala atamwa mkaka wosakaniza ndi madzi a padambo. Adapempha chilolezo kwa akuluakulu awo ndi kwa a komiti ya msika, ndipo kuyambira pamenepo amadzuka folo koloko. Palibe amawawonjezera kanthu pa ntchito imeneyi.

Pali chinanso. Kwa a Ngozo chambiko cha pakhomo sichipatsidwa mlendo, ngakhale abusa. Amati ndi mwambo wa makolo awo a ng'ombe: chimadyedwa ndi a magazi okhaokha. Ine ndidatha chaka chathunthu pabanja ndisanapatsidwe. A Nagama Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankadzera kwathu, ndipo apongozi ankawatungira okha m'kapu yawo yachitsulo yoyera imene adabwera nayo ku Joni.

Titafika pa mtengo wa mango pamene njira yathu imapatukira, adaima n'kupukuta manja pa siketi.

"Mlamu, kolera sindimuopa. Koma apa miyendo ikukana."

"Bwanji ndikanene ine?"

"Ayi. Mukanena inu, mawa mukhala pa minibasi ya kwanu."

Tidawapeza apongozi kukhola akudulira Kimbale nsenjere. Ataona chigubu chodzaza pa njinga, adaika chikwanje pansi. A Nagama adagwada patali pang'ono monga amachitira nthawi zonse, yunifolomu ili m'fumbi.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Ndadzuka. Mkakawo wabwereranji?"

A Nagama adafotokoza zonse, pang'onopang'ono, za jakisoni, za ndowa ya a Janeti, za ana. Apongozi adamvetsera mpaka kumapeto.

"Tidawiritsa katatu," adatero. "Ndidaima pamoto ndekha. Si iwe umati tiziwiritsa?"

"Ndine, malume. Koma moto suchotsa mankhwala."

"Udanenapo liti zimenezo?"

"Sindidanenepo."

"Ndiye wolakwa ndani?"

"Tikambirana za wolakwa, malume. Koma mkakawu sungamwedwe."

"Kagalasi kako kati chiyani?"

"Kati mulibe madzi."

"Ine sindidathirepo madzi mumkaka chibadwire! Kizito amathira, dziko lonse likudziwa. Lero dzina langa latchulidwa pamzere umodzi ndi Kizito, pamaso pa anthu a minibasi, ndipo wolitchula ndi iwe? Ukadabwera kuno mwakachetechete. Ndine mwana ine, woti sindingamve?"

"Anthu adali atagula kale, malume. Ndikadapanda kunena pomwepo, a Fabiano akadathira m'tiyi."

"Ndidalowa pansi pa nthaka, kumene dzuwa kulibe, kuti iwe uvale chovala chimenecho."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa! Ndiye tamasula chigubucho, upite nacho kumsika, ukanene kuti udalakwitsa."

A Nagama adadzuka. Adamasula chigubu. Ine ndidaganiza kuti agonja, ndipo kunena zoona mbali ina ya mtima wanga idafuna kuti agonje, pakhomo pakhale mtendere. Koma adachinyamula kupita kuseri kwa nyumba, kudzenje la zinyalala, adatsegula, n'kupendeketsa. Malita khumi ndi asanu satha msanga. Tonse tidangoima kumvetsera mkaka ukukhuthuka. Apongozi aakazi adatulukira pakhomo la khitchini atagwira pakamwa. Atamaliza adakwirira ndi dothi kuti agalu ndi nkhuku zisafikepo, adatsuka chigubu pa thandala, n'kuchivundikira kuti chiume.

Pobwera adagwadanso. Apongozi sadawayang'ane. Ndipo sadanenenso kuti iwe.

"Mwagwira ntchito, a boma. Zikomo. Muzipita, mungachedwe kuofesi. Pakhomo pano mukafuna kuona chimbudzi muzitumiza anzanu. Za m'khola lino simudzalawanso."

A Nagama adati, "Zikomo, malume. Lolemba m'mawa mkaka ukhala bwino." Adatenga njinga. Sadalire pabwalo. Ndidawaperekeza mpaka pa mango paja, ndipo pamenepo ndi pamene adakhala pansi pamuzu n'kubisa nkhope m'manja. Patapita nthawi adafunsa ngati kumaso kwawo kukuoneka, chifukwa naini koloko adali ndi sikelo kumudzi wina ndipo amayi adali akudikira.

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti apongozi adamvera. Madzulo a tsiku lomwelo adakama Kimbale okha, adanyamula ndowa okha, n'kukathira m'dzenje lomwe lija. Lachisanu chimodzimodzi, Loweruka, Lamulungu, kawiri pa tsiku. Sadalole wina kugwira ndowayo. Nditayesa kuwalandira adati, "Kumgodi belu likalira umatuluka, ngakhale woliza belu ukudana naye." Koma dzina la Dailes lidaleka kutchulidwa pakhomo. Lamulungu limenelo mpando umene amakhalira udalowetsedwa m'nyumba.

A Nagama m'masiku amenewo adayenda kwa aliyense amene ndimamugulitsa, makomo asanu ndi awiri, kufunsa za ana. Palibe adadwala, tithokoze Mulungu. Kusikelo yotsatira, tisanayambe kuyeza, adaima kutsogolo kwa amayi oposa makumi asanu n'kunena kuti: "Ndakhala ndikukuphunzitsani theka. Kuwiritsa kumapha tizilombo, musaleke. Koma ng'ombe kapena mbuzi ikabayidwa jakisoni, funsani wobayayo masiku ake, ndipo masiku amenewo mkaka ndi wa m'dzenje. Izi ndinkazidziwa, koma sindidaganize kuti n'zofunika kunena, ndipo anthu omvera ndi amene ndawagwetsa." Sindidaonepo munthu wa yunifolomu akulankhula choncho pagulu. Adakapezanso alangizi a ziweto aja, ndipo adagwirizana kuti akabaya ng'ombe ya mkaka kulikonse m'dera lathu aziwatumizira uthenga pafoni. Tsopano pamzere paja funso loyamba, kansalu kasanatuluke m'chikwama, limakhala lakuti, "Yabayidwa liti komaliza?"

Lolemba ndidapita ndi mkaka. A Janeti adagula lita imodzi yokha yoyesera. Lachitatu adabwera akumwetulira, botolo m'manja, chambiko chitagwira mpaka supuni kuima.

"Iwe Tawina, zija ndidanena zija, pakamwa padangothamanga. Tenga ichi ukapatse mwana."

A Kizito adati, "Nanga ine, mayi, pakamwa panu padzathamangira liti kwa ine?"

"Inu mukadzasiya kukama mjigo."

Chiyambire tsiku lija a Kizito sadagwidwenso ndi madzi, ndipo amanena okha kuti munthu wothira mkaka wa malume ake m'dzenje sungamunyengerere ndi nthabwala.

Pano papita miyezi itatu. Kimbale adachira, mkaka ukuyenda. Koma a Nagama sadapondebe pabwalo pathu. Kutchalitchi amapita kukagwada pamene apongozi akhala, n'kupereka moni, ndipo yankho limakhala lomwelo: "Tili bwino, a boma." Austin adaimba foni kuchokera ku Blantyre kumene amagwira ntchito kuti awapepesere, bambo ake adangopatsira foniyo apongozi aakazi. Komabe ine ndimakhala pakhomopo, ndimaona zina. Ndikabwera kuchokera kumsika apongozi amandifunsa kuti kagalasi kati chiyani lero. Tsiku lina mvula ya mwadzidzidzi itagwa m'mawa adafunsa, osayang'ana munthu, ngati anthu oyenda pa njinga amakhala ndi majasi masiku ano.

Gulu lathu la amayi a kusikelo lidagwirizana kuti pa tsiku lotsekera chaka aliyense wodziwa kulemba alembe za munthu mmodzi wa m'dera lathu, tidzawerenge pagulu. Ine sukulu ndidalekera sitandade eyiti, koma ndidati ndilemba za a Nagama. Ndidaona kuti si bwino kulemba za munthu iye osadziwa, ndiye dzulo nditatha kuyezetsa mkaka ndidawadikira mpaka mzere udatha. Adali akutsuka botolo lawo lija. Poyamba adakana, adati alipo anthu ambiri oyenera, alembedwe azamba kapena aphunzitsi. Nditaumirira adafunsa ngati za malume zikhalamo. Ndidati popanda zimenezo palibe cholemba. Adapukuta kagalasi, adakakulunga m'kansalu, n'kukalowetsa m'chikwama.

"Chabwino, lembani. Koma mulembe zonse. Mulembe kuti adaima pamoto okha kuwiritsa katatu, ndiponso kuti masiku anayi aja adataya ndi manja awo. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, mlamu. Musanawerengere amayi, mukayambe mwawawerengera malume. Maso awo saonanso zolemba, ndiye muwerenge inu, pang'onopang'ono, nthawi ya masana akatha kudya, ali pakhonde. Akakuuzani kuti lekani, mulekere pomwepo, musawakakamize. Koma akakusiyani mpaka kumapeto, muwafunse ngati Lamulungu likubwerali ndingadzere."